Asidi wa glutaric: kumene zotsala za ndiwo zimathera m'thupi

Mai aliyense amene anapitapo kusikelo anamvapo namwino akunena kuti mwana afunika zakudya zomanga thupi: kapenta, nyemba, nshawa, mazira, mkaka, soya ndi nyama ikapezeka. Uphungu umenewu ndi woona. Koma pali funso limene silifunsidwa kawiri-kawiri. Kodi thupi likatengapo gawo limene lifuna pa ndiwo zimenezi, zotsalazo zimapita kuti? Mafuta otsala thupi limasunga pansi pa khungu ndi pamimba, shuga wotsala limasunga m'ciwindi ndi m'minofu, koma zomanga thupi ziribe nkhokwe. Zimene zatsala lero ziyenera kuphwanyidwa lero lomwe.

Pa nchito yophwanyayi pamatuluka tinthu tambiri timene timangokhala kanthawi kocepa nkusandulika tina. Kamodzi mwa tinthu timeneti ndi asidi wa glutaric. Mwa munthu wabwino-bwino, ndiponso mwa mbuzi, ng'ombe, galu ndi nyama zina zoyamwitsa, asidiyu saunjikana. Mu mkodzo mumangopezeka wocepa zedi. Komabe pali ana owerengeka amene amabadwa opanda mphamvu yomphwanya. Kwa iwo kutentha thupi kwa masiku awiri, kapena kutsegula m'mimba kumene mwana wina angacire msanga, kungathe kuononga ubongo kwa moyo wonse. Ana otere ndi osowa, koma njira imene amavulalira ikhudza mwana aliyense wodwala amene wakana kudya.

Si asidi wa m'batire

Liu lakuti asidi lisaopseze munthu. Asidi wa glutaric sali ngati wa m'batire ya galimoto, ndipo ndi wosiyananso ndi uja wa m'cifu amene amadzetsa cilungulira. Ndi wa gulu limodzi ndi asidi wofatsa wa m'mandimu ndi m'malambe. Akamuyeretsa m'laboratory amaoneka ngati timibulu toyera tofanana ndi shuga, timene timasungunuka mosavuta m'madzi. Msana wake uli ndi tizidutswa 5 ta kaboni, cinthu comwe cija cimene cimapanga malasha. Ciwerengero ca 5 cimeneci cikumbukiridwe, pakuti kuphwanya asidiyu ndi nchito yocepetsa tizidutswa timeneti.

Gwero lake ndi mapuloteni, ndiko kuti zomanga thupi zija. Mapuloteni amamangidwa ndi tinjerwa ta mitundu 20 tochedwa ma amino asidi. Thupi la munthu limatha kudzipangira lokha mitundu 11, koma mitundu 9 iyenera kucokera m'mbale. Pa 9 imeneyi pali iwiri imene imabala asidi wa glutaric, ndiyo lysine ndi tryptophan. Lysine anapezedwa koyamba m'mapuloteni a mkaka m'caka ca 1889 ndi katswiri wa ku Germany, Edmund Drechsel, ndipo tryptophan anapezedwa mu 1901 ndi Frederick Hopkins ndi Sydney Cole ku England. Pali wacitatu wochedwa hydroxylysine, wopezeka m'cinthu comata cija ca m'khungu ndi m'mafupa cimene cimalimbitsa msuzi wa ziboda za ng'ombe ukazizira. Koma mwa atatuwa wamkulu ndi lysine, cifukwa ndiye woculuka m'cakudya. Pa magalamu 100 a mapuloteni a nsomba kapena nyama, pafupi-fupi 9 ndi lysine. Pa mapuloteni a cimanga ndi pafupi-fupi 3 cabe.

Nzimbe ya mfundo 6

Ndiwo zikagayidwa m'cifu ndi m'matumbo, tinjerwa tija timalowa m'magazi nkupita ku ciwindi. Thupi limasankhapo timene lifuna kumangira minofu, magazi, tsitsi ndi asilikali olimbana ndi matenda. Lysine wotsala amatengedwa kupita m'timbaula ting'ono-ting'ono ta mkati mwa maselo, tochedwa mitochondria, mmene cakudya cimaochedwa kuti munthu apeze mphamvu. Nchito yaikulu imacitikira m'ciwindi, koma impso ndi ubongo nazonso zimaigwira.

Mkati mwa timbaulati muli anchito ochedwa ma enzyme. Aliyense amadziwa nchito imodzi yokha, ndipo akaigwira amapatsira mnzake wotsatira, monga momwe anyamata amapatsirana zidebe za konkire pomanga nyumba. Lysine angayerekezedwe ndi nzimbe ya mfundo 6, pakuti ali ndi tizidutswa 6 ta kaboni. Anchito oyamba amacotsa masamba ake awiri, ndiwo tizigawo ta naitrojeni. Naitrojeni akasiyidwa yekha amasanduka amoniya, amene ndi poizoni, motero ciwindi cimamsandutsa urea nkumtumiza ku impso. Fungo la mkodzo wogonetsa limacokera kumeneko. Nzimbe yopanda masambayo, idakali ndi mfundo 6, ndiyo imene tryptophan nayenso amasandulika akatsiriza njira yake yaitali, cotero kuyambira pamenepa awiriwa amayenda msewu umodzi. Wanchito wotsatira amadula mfundo imodzi, imene imakatulukira m'mapapo monga mpweya woipa umene munthu amapumira kunja. Zatsala 5. Ameneyu ndiye asidi wa glutaric, koma panthawiyi sali yekha ai. Amakhala atamangiriridwa ku cogwirira cochedwa CoA, cimene thupi limapanga kucokera ku vitamini B5, ndipo dzina lake lonse ndi glutaryl-CoA.

Apa ndi pamene pali wanchito amene nkhani yonse yagona pa iye. Dzina lake ndi lalitali, glutaryl-CoA dehydrogenase, ndipo madotolo amangolidula kuti GCDH. Iye amagwira nchito ziwiri nthawi imodzi: amacotsa tizidutswa tiwiri ta haidrojeni timene timapita kukapanga mphamvu, ndipo amadula mfundo inanso imodzi imene nayo imatuluka ndi mpweya. Cida cake pa nchitoyi cimacokera ku vitamini B2, wopezeka mu mkaka, mazira, ciwindi ndi ndiwo zamasamba. Zikatsala mfundo 4, cinthuco cimachedwa crotonyl-CoA, ndipo pamenepo vuto latha, cifukwa cimalowa m'njira yomweyo imene mafuta amaocheredwa. Anchito ena atatu amacikonza nkucithyola pakati kukhala tizidutswa tiwiri ta mfundo ziwiri-ziwiri, timene ndi nkhuni wamba za thupi, zofanana ndi zocokera ku nsima. Mapeto ake ndi mphamvu, madzi ndi mpweya.

Zonsezi zimacitika usana ndi usiku mwa munthu aliyense, mwini wake osadziwa. Koma msewuwu ulibe njira yolambalala. Mfundo imene yadulidwa nkutuluka ndi mpweya siingabwezeredwe, motero asidi wa glutaric sangabwerere m'mbuyo kukakhalanso lysine, ndipo kutsogolo kuli khomo limodzi lokha, la GCDH.

GCDH akasowa

Mwana akabadwa ndi GCDH wosagwira nchito, zidebe zimangofika koma wolandira palibe. Glutaryl-CoA amaunjikana, cogwirira cija cimamasuka, ndipo asidi wa glutaric amatsala yekha pamodzi ndi mbale wake wochedwa 3-hydroxyglutaric. Thupi limayesa kudzipulumutsa. Liri ndi cinthu cochedwa carnitine, cimene nchito yake yeni-yeni ndi kunyamula mafuta kuwalowetsa m'timbaula tija. Carnitine amagwira asidiyo nkutuluka naye mu mkodzo. Zimathandiza ndithu, koma carnitine amene watuluka sabwerera, ndipo m'kupita kwa miyezi mwanayo amatsala ndi wocepa kwambiri. Nthendayi imachedwa glutaric aciduria mtundu woyamba, mwacidule GA1. Inafotokozedwa koyamba m'caka ca 1975 ndi Dr Stephen Goodman ndi anzake ku Denver, m'dziko la America, atapeza asidiyu woculuka mu mkodzo wa ana awiri a mimba imodzi.

Palinso mtundu waciwiri, GA2, pamene GCDH amakhala ali bwino koma wolandira haidrojeni kucokera kwa iye ndiye wolephera. Umenewo umasokonezanso kuocha kwa mafuta, ndipo ena mwa odwala ake amathandizidwa kwambiri ndi vitamini B2. Akavalo a ku Europe amene adya njere za mtengo wa sycamore maple amadwala mofananamo, pakuti poizoni wa m'njerezo amamanga manja anchito a gulu limeneli. Minofu imaonongeka, mkodzo umada, ndipo ambiri amafa. Koma imeneyo ndi nkhani ina. Ya lero ndi GA1.

Zimene mleme unaphunzitsa madotolo

Funso limene linavutitsa akatswiri ndi lakuti, ngati asidiyu ali m'thupi monse, ncifukwa ninji ubongo ndiwo umavulala? Mbali ya yankho inacokera ku nyama. M'caka ca 1988 ofufuza a ku America anafalitsa zimene anapeza pa mleme wodya zipatso wochedwa Rousettus aegyptiacus, umene umakhala m'mapanga m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo muno m'Zambia umapezeka m'phanga la Leopards Hill kufupi ndi Lusaka. Si uja woculuka wa ku Kasanka. Umenewo ndi mtundu wina. Mkodzo wa mlemewu uli ndi asidi wa glutaric wambiri ngati wa mwana wodwala GA1, cifukwa ciwindi cake ciri ndi GCDH wocepa zedi. Komabe mlemewo umauluka bwino-bwino mumdima, wopanda cirema ciri conse. Atapima ubongo wake anapeza kuti mmenemo GCDH alimo ndipo akugwira nchito.

Ubongo uli ndi mpanda wake umene umasefa zocokera m'magazi. Lysine amaloledwa kulowa cifukwa ubongo umamfuna, koma asidi wa glutaric amadutsa pampandawu movutikira, kaya polowa kaya potuluka. Ubongo wa mleme umaphwanya asidi wake wonse, motero umakhala woyera ngakhale mkodzo uli wodzala. Ubongo wa mwana wa GA1 umalandira lysine nkupanga asidi mkati mwake momwemo, ndipo asidiyo amasowa potulukira.

Mbewa zoweta m'laboratory zinaonjezapo phunziro lina. Mu 2002 akatswiri anakwanitsa kuweta mbewa zopanda GCDH. Zikamadya cakudya cao ca masiku onse zinali kutulutsa asidi wambiri koma osagwidwa ndi kudwala kwadzidzidzi. Mu 2006 ofufuza ena anafalitsa zimene zinacitika atazipatsa cakudya codzala ndi lysine. Tiana tongoleka kumene kuyamwa tinavulala ubongo ndipo tambiri tinafa m'masiku owerengeka, pamene zikulu-zikulu zinapirira, ngakhale kuti nazonso zinavulala pang'ono-pang'ono. Zinaonekeratu kuti ngozi yagona pa zinthu ziwiri, kuculuka kwa lysine wofika ku ubongo ndi msinkhu wa mwini ubongowo.

Tsiku la ngozi

Mwa ana, nthawi yoopsa kwambiri ndi kuyambira miyezi 3 kufika zaka 3, ndipo ngoziyo imacepa zedi mwana akapitirira zaka 6. Mbali imene imavulala ndi timagulu ta maselo ta mkati-kati mwa ubongo tochedwa basal ganglia, timene timayendetsa manja, miyendo, khosi ndi lilime mwadongosolo. Pa msinkhu umenewu timaguluti timakhala tikukula mofulumira ndi kudya mphamvu zambiri, pakuti mwana akuphunzira kukhala, kukwawa ndi kuyenda.

Codabwitsa ndi cakuti kawiri-kawiri ngozi siibwera pa tsiku limene mwana wadya nyama yambiri. Imabwera pa tsiku limene sanadye kanthu. Mwana akatentha thupi cifukwa ca malungo, cikuku, cifuwa kapena kutsegula m'mimba, thupi lake limafuna mphamvu zoposa za masiku onse, pamene iye akukana bere ndi phala, kapena akusanza. Shuga wosungidwa m'ciwindi ca mwana wamng'ono ndi wocepa, amatha m'maola owerengeka. M'nyumba imene malasha atha usiku wa mwezi wa June, anthu amayamba kusonkhezera mipando, ndipo thupi nalo limayamba kuphwanya minofu yake. Tsono minofu ndi nyama, yodzala ndi lysine. Motero mwana amene sanalawe kanthu kuyambira dzulo angakhale ndi lysine wambiri wofuna kuphwanyidwa kuposa tsiku limene anadya dzira.

Zimene makolo amaona zimakhala zotere. Mwana wa miyezi 8 kapena 10, amene anali kukhala yekha, kuseka ndi kugwira zinthu, amadwala masiku awiri kapena atatu. Amayamba kugona kwambiri, thupi lonse limalefuka ngati nsanza, ndipo nthawi zina amagwidwa njiri-njiri. Kutentha kukatha amatsegula maso nkuzindikira amai ake, koma khosi limakhala lolefuka, kukhala sathanso, ndipo kumeza kumamvuta. Pakapita milungu kulefuka kuja kumasanduka kuuma: manja amapindika, msana umakhotera cam'mbuyo, lilime limatuluka lokha. Kuonongeka kwa ubongoko kumacitika m'maola kapena masiku owerengeka, ndipo sikubwerera. Cowawa kwambiri ndi cakuti ana ambiri otere nzeru zao zimakhalapo. Amamva zonenedwa pamaso pao, kungoti thupi silimvera. Aja amakamba za mwana wotere iye ali pomwepo, ngati kuti akukamba za mtondo, ayenera kudziwa zimenezi.

Ziyenera kunenedwa mosabisa kuti m'makomboni muno mwana akapunduka ali wamng'ono, coyamba kuganizira si GA1. Malungo a mu ubongo, meninjaitisi, kubanika pobadwa ndi cikasu coopsa ca khanda ndizo zimapundula ana ambiri. Pa dziko lonse lapansi GA1 imagwira pafupi-fupi mwana mmodzi pa 100,000. Koma pali zizindikiro zimene zimacititsa dotolo kuiganizira.

Mutu waukulu

Pafupi-fupi ana 3 mwa 4 alionse a GA1 amabadwa ndi mutu waukulu, kapena mutuwo umakula mofulumira m'miyezi yoyamba iwo akuoneka athanzi. Mutu wa khanda lobadwa pa nthawi yake umazungulira masentimita 34 kapena 35, ndipo pofika caka cimodzi umafika pa 45 kapena 46. Kupima kwake nkwa tepi cabe, sikutha ndi mphindi imodzi yomwe. Mai ali ndi ufulu wopempha namwino kuti apime mutu pa tsiku la sikelo ndi kulemba ciwerengeroco, pakuti cofunika ndi kuona mmene cikusinthira mwezi ndi mwezi. Mitu ikulu-ikulu yambiri ndi ya kumtundu cabe, ndipo ina ndi ya madzi oculuka m'mutu amene ali ndi cithandizo cake ca opaleshoni. Kuseka mwana kuti cimutu kapena kumbisa m'citenje sikuthandiza pa ciri conse mwa izi.

Ana a GA1 amathanso kukha magazi mkati mwa cigaza atangogwa pang'ono, cifukwa timitsempha tolumikiza ubongo ndi cigaza timakhala tokokeka kale. M'maiko ena makolo ndi olera ana anaganiziridwapo kuti anamenya kapena kugwedeza mwana, coona nkudzadziwika mkodzo utapimidwa. Dotolo amacheranso khutu ngati malungo apimidwa osapezeka ndipo madzi a kumsana ali oyera, ngati m'banjamo munali mwana wina amene anadwala kapena kumwalira mofananamo, kapena ngati makolo ali pa cisuweni.

Si mai, si mfiti

Malangizo opangira GCDH, amene akatswiri amati gene, ali pa chromosome ya nambala 19, ndipo munthu aliyense amalandira awiri, ena kwa atate, ena kwa amai. Amene ali ndi amodzi abwino ndi ena olakwika sadwala konse, pakuti theka la anchito limakwanira. Anthu awiri otere akakwatirana, pa mimba iri yonse pamakhala mpata umodzi mwa 4 wakuti mwana alandire olakwika mbali zonse ziwiri. Mpatawo umayambiranso pa mimba iri yonse, motero banja lina lingakhale ndi ana awiri odwala motsatizana pamene lina la ana asanu liribe ndi mmodzi yemwe. Umu ndi mmenenso sikoselo imayendera. Apongozi amene amaloza cala mtengwa kapena mkamwini kuti wabweretsa cirema pamtundu alakwa, cifukwa mbali zonse ziwiri zinapereka mofanana. Si mdulo, si ufiti wa mnansi, ndiponso si cakudya cimene mai anadya ali ndi pakati.

Pakati pa anthu amene amakwatirana okha-okha kwa mibadwo yambiri nthendayi imaculuka. A Amish a ku Lancaster County m'boma la Pennsylvania ku America, alimi amene amayendabe pa ngolo za akavalo, amakhala ndi mwana mmodzi wa GA1 pa ana 300 kapena 400 alionse. Kwa zaka zambiri ana ao opunduka anali kungowerengedwa kuti ali ndi cerebral palsy, kufikira Dr Holmes Morton atazindikira coyambitsa ceni-ceni. Mu 1989 iye ndi akazi ake a Caroline anayambitsa pakati pa alimiwo kiliniki yochedwa Clinic for Special Children. Nthendayi ndi yoculukanso pakati pa a Oji-Cree a ku Canada ndi a Irish Travellers. Ndipo munthu asaganize kuti ndi matenda a anthu a kutsidya la nyanja okha. Mu 2010 ofufuza a ku Cape Town anafalitsa kuti pakati pa anthu akuda a dera lao amene anawapima, mmodzi pa 36 anali wonyamula colakwika cochedwa A293T, zimene zitanthauza mwana wodwala mmodzi pa ana pafupi-fupi 5,000.

Cithandizo

Palibe mankhwala obwezeretsa enzyme wosowayo, ndipo mavitamini a m'botolo sangadzutse wanchito amene kulibe. Koma kuvulala kwa ubongo kumapewedwa ngati nthendayi yadziwika ngozi isanagwe. Popanda cithandizo pafupi-fupi ana 9 mwa 10 amavulala. Akadziwika ali makhanda nkusamalidwa bwino, 8 kapena 9 mwa 10 amakula osapunduka. Ndico cifukwa cake maiko monga Germany ndi America, ndiponso England kuyambira mu 2015, amapima khanda liri lonse m'masiku oyamba. Amalasa kacidendene nkudonthezera magazi pa kapepala, ndipo makina amafufuza carnitine uja wonyamula asidi. Magazi ouma papepala ndi mkodzo zimatha kutumizidwa ku ma laboratory akutali, ndipo oyenera kuganiza za kutero ndi madotolo a ana a m'zipatala zikulu-zikulu monga UTH ku Lusaka ndi Arthur Davison ku Ndola, kumene mwana amafika ndi kalata yomtumiza.

Cithandizo ciri ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi cakudya coyezedwa, ca lysine wocepa, mpaka mwana atakwanitsa zaka 6. Bere silileka. Mapuloteni opereweranso amakwaniritsidwa ndi ufa wapadera wokhala ndi tinjerwa tina tonse kupatula lysine, tryptophan wocepa, ndiponso arginine, amene amalimbirana khomo limodzi ndi lysine polowa mu ubongo. Yaciwiri ndi kumwa carnitine tsiku ndi tsiku kubwezeretsa amene akutayika mu mkodzo.

Yacitatu ndiyo imapulumutsa kweni-kweni. Mwana wodziwika kuti ali ndi GA1 akangotentha thupi, kusanza kapena kutsegula m'mimba, sipakhala zodikira kuti kuce. Amapatsidwa zakumwa za shuga wa glucose maola awiri alionse, usiku womwe. Mapuloteni a m'cakudya amaimitsidwa kwa tsiku limodzi lokha nkubwezeretsedwa pang'ono-pang'ono, carnitine amawirikizidwa kawiri, ndipo kutentha kumatsitsidwa ndi Panadol. Akasanza zakumwazo, kutentha kukapitirira, kapena akayamba kuodzera, afunika dripu ya shuga mwamsanga. Colinga ndi kubweretsa malasha mipando isanayambe kuochedwa. Madzi a Moyo amabwezeretsa madzi ndi mcere, koma shuga wake ndi wocepa kuti akwanitse nchito imeneyi paokha. Katemera saimitsidwa, cifukwa cikuku ceni-ceni ndi coopsa kuposa kutentha kobwera pambuyo pa nyeleti. Makolo amangokhala okonzeka tsiku limenelo. Banja lotere liyenera kukhala ndi kalata ya dotolo yofotokoza nthendayi, yosonyeza pofika pa cipatala ciri conse, kuti mwana asaime pamzere.

Kwa mwana amene wavulala kale, cithandizo comweci cimateteza kuti asavulale kaciwiri. Mafizo amacepetsa kuuma kwa mfundo, mankhwala ofewetsa minofu alipo, ndipo podya akhazikidwe coongoka ndi kupatsidwa cakudya cofewa pang'ono-pang'ono kuti cisalowe m'mapapo. Mng'ono wake akabadwa ayenera kupimidwa m'masiku oyamba, asanadwale.

Cenjezo kwa mabanja ena onse

Pasapezeke mai amene wawerenga zimenezi nkukacotsa kapenta m'phala la mwana. Cimanga ciri ndi lysine ndi tryptophan wocepa kale, ndipo vuto la ana ambiri a m'makomboni ndi kusowa kwa tinjerwa timeneti, osati kuculuka kwake. Mwana wokulira pa phala loyera la ufa wa breakfast ndi shuga cabe amapinimbira, tsitsi limafiira, ndipo angatupe mapazi ndi nkhope. Tryptophan akacepa pamodzi ndi vitamini wochedwa niacin pamabwera pelagra, nthenda ija imasupula khungu pakhosi ndi pamikono. Nsinjiro, ufa wa soya, kapenta wosinja ndi dzira zikhalebe m'phala. Kucepetsa mapuloteni popanda dotolo ndi katswiri wa zakudya woyeza magalamu ndi kuvulaza mwana, ngakhale uja wa GA1, pakuti nayenso amafuna lysine kuti akule, ndipo akamanidwa mopitirira muyeso thupi lake limabwerera kukaphwanya minofu.

Cimene cikhudza nyumba iri yonse ndi njala ya mwana wodwala. Cizolowezi cakuti mwana wotsegula m'mimba aleke kudya kuti m'mimba mupume, kapena kuti wotentha thupi asiyidwe agone mpaka adzafune yekha cakudya, ndi coipa kwa mwana wina aliyense. Bere lipitirire, kawiri-kawiri kuposa masiku onse. Wokulirapo apatsidwe phala lamadzi-madzi lothira shuga ndi timafuta, masupuni owerengeka nthawi ndi nthawi, usiku womwe. Mwana amene akulephera kuyamwa kapena kumwa, wosanza ciri conse, wogona osadzutsika, wogwidwa njiri-njiri kapena wolefuka khosi, apite naye kucipatala ola lomwelo, kaya ndi pakati pa usiku, osayambira kwa ng'anga kapena pakantemba pogula mapiritsi. Pofika kumeneko mai anene nthawi imene mwana anadya komaliza, asonyeze khadi la sikelo, ndipo ngati m'banjamo munali mwana wina amene anadwalapo mofananamo, anene zimenezo ngakhale asanafunsidwe.